Mmene tinalembetsera nkhalango ya mudzi ku Gadchiroli

Ndinafika m'mudzi wina wa anthu a mtundu wa Gond, m'boma la Gadchiroli ku Maharashtra, India, nditanyamula kachipangizo ka GPS, ndikudziyesa katswiri. Ntchito yanga inali kuthandiza mudziwo kupempha boma kuti livomereze kuti nkhalango yowazungulira ndi yawo, potsatira lamulo la Forest Rights Act la 2006.

Zonse zimayambira pa gram sabha, msonkhano wa anthu aakulu onse a m'mudzi, abambo ndi amayi. Woyamba unalephereka. Lamulo limafuna kuti pafike theka la anthuwo, koma ife tinaitanitsa nyengo yotola maluwa a mahua, mudzi wonse uli kuthengo. Pa wachiwiri tinasankha komiti yoyendetsa pempholi ya anthu 15, asanu mwa iwo amayi, poti gawo limodzi mwa atatu liyenera kukhala lawo.

Pojambula mapu ndi pomwe ndinachepa. GPS yanga inkangotulutsa manambala. Amene anatitsogolera ndi agogo ena aakazi osadziwa kulemba, ndodo kumanja, akuloza kasupe wosaphwa m'chilimwe, mtengo wothirapo nsembe, pothyola masamba a tendu, ndi tsinde la nsungwi zomwe anati zisadulidwe chaka chimenecho. Ine ndinkayesa nthano zotayitsa nthawi, kotero tsiku loyamba sindinalembe kanthu. Chonsecho malamulo amalandira mawu a okalamba ngati umboni, bola alembedwe. Tinabwereranso m'mawa mwake, agogowo akundiseka njira yonse. Umboni umafunika wa mitundu iwiri, ndiye tinawonjezerapo zikalata zakale za nistar, zosonyeza zomwe mudzi unkaloledwa kutenga m'nkhalangomo.

Malire ndi mudzi woyandikana nawo anatidyera masabata. Mbali zonse zinkati mtsinje ndi wawo, mpaka makomiti awiriwo atakhala pansi n'kugwirizana zomwetsa ng'ombe limodzi.

Gram sabha itavomereza, Form C, fomu yopemphera nkhalangoyo, inapita ku komiti ya chigawo chathu cha boma la Gadchiroli, kenako ku ya boma lonselo. Ofesi ina inatibwezera mapepala chifukwa cha siginecha imodzi. Anthu sanagwe ulesi. Ankangotchula Mendha Lekha, mudzi wa m'boma lomwelo womwe unalandira ufuluwu mu 2009, n'kuyamba kugulitsa wokha nsungwi mu 2011.

Chikalata chitafika, dzina lolembedwapo linali la gram sabha. Agogo aja anapempha kuti wina awawerengere malire onse mokweza, aone ngati kasupe uja ali mkati.