Loweruka ku Turffontein: mapiritsi, kota ndi mphika wa nyemba

Lero linali tsiku langa lopuma koma sindinapume. Achimwene anandiimbira foni kusanache kuti ndipite ku Turffontein, dera la kum'mwera kwa Joni, tikakambirane za mwana wa achemwali athu, amene anatuluka m'chipatala posachedwapa. Kwa inu amene simundidziwa, ndimagwira ntchito yosamalira agogo ena okalamba kumpoto kwa mzinda uno, ndipo mnyamatayu ndi mwana wanga, popeza ine ndi mayi ake tinayamwa bere limodzi. Anabwera ku Joni kudzasaka ntchito n'kupeza ya ulonda wa usiku. Patapita miyezi anasiya kugona, anayamba kulankhula yekha, n'kumanena kuti pali anthu akumuitana kudzera m'khoma. Anamugoneka kuchipatala cha boma, anamupatsa mapiritsi, ndipo mawu aja anasiya. Chatsala n'chakuti amagona kwambiri, komanso thupi layamba kunenepa.

Ndinapeza achimwene ali pakhonde, foni m'manja. Moni tisanamalize anandimvetsera mawu ena amene akuzungulira pa WhatsApp. Wolankhulayo amati misala ya masiku ano ikuchokera ku mankhwala amene makampani amathira m'zakudya, utoto wa m'maswiti, zotsekemeretsa m'zakumwa ndi zoletsa kuwola. Amati wodwala angosiya mapiritsi, atsuke m'thupi ndi madzi a mandimu, basi achira.

"Mwamva, achemwali? Mwanayu zamupweteka ndi zakudya za kuno. Mapiritsiwa akungomufoola. Ine monga malume wake ndati asiye."

Mawu a malume pamtundu pathu sachita kuwadumpha, ndipo achimwene sanalankhule izi chifukwa cha nkhanza. Iwowa anali kuno mu 2016 pamene boma la Gauteng linachotsa odwala matenda a maganizo ku zipatala za kampani ya Life Esidimeni n'kuwamwaza m'malo osayenera, anthu 144 n'kumwalira, ambiri chifukwa cha njala, ludzu ndi kusasamalidwa. Anali kuno mu Okutobala 2024 pamene ana 6 a ku Naledi ku Soweto anamwalira, nkhani ya zakudya za m'masipaza, timagolosale ta m'makomboni, n'kugwedeza dziko lonse. Munthu amene waona zimenezi sakhulupirira msanga botolo la mapiritsi, ngakhalenso paketi ya zakudya. Ndinawauza kuti mantha awo ndikuwamva, koma tisiyanitse zinthu. Ana a ku Naledi anafa ndi terbufos, mankhwala ophera tizilombo m'munda amene ena amagulitsa mumsewu ngati a makoswe. Imeneyo ndi poizoni, si chinthu chimene kampani imathira dala m'chakudya n'kulemba papaketi.

Za utoto sindinawatsutse kwathunthu, chifukwa pali choona chake. Mu 2007 akatswiri a pa yunivesite ya Southampton ku England anamwetsa ana a zaka 3 ndi ena a zaka 8 mpaka 9 zakumwa zokhala ndi mitundu ya utoto monga tartrazine ndi sunset yellow, pamodzi ndi sodium benzoate woletsa kuwola uja. Anapeza kuti ana ena amajijirika ndi kusakhazikika kuposa masiku amene anamwa zopanda mankhwalawo. Kuyambira 2010 mayiko a European Union amalamula kuti chakudya chokhala ndi utoto umenewu chilembedwe chenjezo. Kuno ku South Africa tartrazine amayenera kutchulidwa ndi dzina lake papaketi, ndipo tinamupezadi pa botolo la chakumwa chachikasu chimene chinali pawindo. Koma kusiyana kumene anapeza kunali kochepa, kunali kwa ana, ndipo kunali kwa kujijirika. Kumva mawu m'khoma ndi nkhani ina.

Apa ndipo ndinamuitana mwini wake, popeza tinali kukamba za iye ngati kuti palibe. Anatuluka atafunda bulangete. Ndinamufunsa kuti miyezi ija asanadwale ankadya chiyani.

"Kota, mayi aang'ono. Nthawi zina chipisi ndi buledi. Usiku ndimamwa zakumwa zopatsa mphamvu zija kuti ndisagone pantchito." Kota ndi chigawo cha buledi chobowola pakati n'kuikamo chipisi ndi poloni.

"Nanga ndiwo? Masamba, nyemba, nsomba?"

Anangoseka pang'ono. Chipinda chimene ankagona ndi anzake chinalibe pophikira pabwino, ndipo munthu wochoka kuntchito dzuwa litatuluka sayamba kuviika nyemba. Ndiye miyezi yonse ija thupi linkalandira buledi woyera, mbatatesi yokazinga, poloni ndi shuga, kuwonjezera khafini wochuluka kwa munthu amene tulo take tinali tosokonekera kale. Ine chimene chinandilasa mtima si zimene zinathiridwa m'chakudya chakecho, koma zimene munalibe.

Ndinawafunsa achimwene ngati akukumbukira anthu othawa nkhondo a ku Mozambique amene ankabwera kudzagwira ganyu kwathu ku Mwanza. Iwo anali wamkulu kale nthawi imeneyo, ine ndinali kamwana. Anati akukumbukira bwino, makamaka amayi ena amene khungu la m'khosi ndi la kumanja linada n'kumasupuka ngati apsa ndi moto, kenako mutu n'kusokonekera, anthu n'kumati awalodza. Matenda amenewo ndi pelagra. Amabwera thupi likasowa niacin, amene ndi vitamini B3, ndipo amagwira khungu, m'mimba ndi ubongo. Mu 1990 anthu oposa 18,000 othawa nkhondo anadwala matendawa kum'mwera kwa Malawi, ndipo chifukwa chake chinali chakuti mtedza unasiya kupezeka pa chakudya chimene ankalandira, n'kutsala akudalira chimanga. Niacin wa m'chimanga ndi womangika, thupi limalephera kumutenga. Anthu a ku Mexico, kumene chimanga chinachokera, amachiphika ndi laimu wa miyala kapena phulusa, ndipo zimenezo zimamumasula. Ife timakonola, kuviika ndi kuchotsa gaga kuti ufa uyere, choncho chimene chimatipulumutsa ndi ndiwo: nsinjiro, nyemba, nandolo, usipa, nkhuku ikapezeka.

Ku America matenda omwewa anadzaza zipatala za amisala za kum'mwera kwa dzikolo, madokotala ambiri akuganiza kuti ndi opatsirana. Dokotala wina, Joseph Goldberger, atatumidwa kukafufuza mu 1914 anaona kuti odwala akudwala koma manesi owasamalira sakudwala. Anawonjezera mkaka, mazira, nyama ndi nyemba pa chakudya cha odwala ndi cha ana amasiye, matenda n'kutha. Niacin weniweniyo anadzadziwika kuti ndiye mankhwala ake mu 1937. Nkhaniyi imandikhudza kwambiri. Anthu anatsekeredwa, anatchedwa amisala, ena anafera momwemo, pamene chosowa chinali ndiwo. Ndipo si mbiri yakale chabe. Mowa wambiri umabweretsabe pelagra, ndipo isoniazid, mankhwala a TB aja, amatha kuyiyambitsa mwa munthu amene sakudya mokwanira. Kusowa vitamini B12 nakonso kumasokoneza mutu. Agogo amene ndimawasamalira amabayidwa jakisoni wake, ndipo ndinaona ndi maso anga kuiwala kwawo kukucheperako atayamba.

Achimwene anawala nkhope. "Ndiye mukugwirizana nane. Ndi chakudya."

Ndinati ayi achimwene, pang'onopang'ono. Mwanayu khungu lake lili bwino, m'mimba simukumuvuta. Komanso kuno, kuyambira 2003, lamulo limati ufa wa chimanga ndi wa buledi uziwonjezeredwa mavitamini, niacin ali momwemo, pamodzi ndi ayironi ndi zinki. Apa pali chinthu chimene munthu wa pa WhatsApp uja sananene: zina mwa zothira m'zakudya n'zimene zikuteteza ana a anthu osauka. Matenda ngati a mwana wathuyu ali ndi mizu yambiri, ya m'magazi a pamtundu, kusagona, chamba kwa amene amasuta, nkhawa ya mapepala ndi lendi, kukhala kutali ndi abale. Chakudya chimatha kukhala umodzi mwa mizuyo. Koma kunena kuti ndi chokhacho n'kumulanda munthu mapiritsi, ndiko kumubwezera kumene wachoka, ndipo matendawa akabwerera nthawi zambiri savomera msanga ngati poyamba.

Ndinawauzanso za kafukufuku wa ku Australia amene Felice Jacka ndi anzake anatulutsa mu 2017. Anatenga anthu 67 odwala matenda a kukhumudwa kwambiri. Ena anawathandiza kusintha kadyedwe kwa masabata 12, kudya masamba, zipatso, nyemba, nsomba ndi mtedza n'kuchepetsa zotsekemera ndi zokazinga, pamene enawo ankangocheza nawo. Mwa osintha kadyedwe, pafupifupi 32 pa 100 alionse anapeza bwino kwambiri, mwa enawo 8 okha. Anthuwo anali ochepa, ndipo matenda awo ndi osiyana ndi a mwana wathu. Koma mfundo imene ndinafuna achimwene aigwire ndi iyi: ambiri mwa iwo anapitiriza chithandizo chimene ankalandira kale. Chakudya chinabwera kudzathandiza, sichinabwere kudzalowa m'malo.

Masana tinakwera takisi kupita ku Yeoville, atatu tonse. Mnyamata anayamba wakana, koma ndinamukakamiza kuti aone dzuwa. Kumsika tinagula nyemba, mtedza, therere ndi bonongwe, ndipo kwa mayi wina wakwathu amene katundu wake amabwera pa basi tinapeza usipa ndi matemba. Mtengo wake unandiwawa, usipa wa kuno umagulidwa ngati nyama, komabe ndalama yomweyo ikanathera pa kota wa masiku ochepa.

Madzulo ndinaphika nsima, bonongwe wotendera ndi usipa. Ndinamuimika mnyamata pambali panga kuti aone kasinjidwe ka mtedza ndi nthawi yothira nsinjiro, chifukwa ine sindikhala nawo kuno. Ndinamuonetsanso kuti nyemba akaviika usiku zimapsa msanga ndipo magetsi sapita ambiri. Anadya bwino, anawonjezera. Tili mkati modya achemwali anaimba kuchokera kumudzi, akulira, ati kuli sing'anga wina wawauza kuti mwana wawo anachitidwa chipongwe ndi anzake a kuntchito, ndiye timutumize. Achimwene, amene m'mawa ankati mapiritsi atayidwe, ndi amene anawayankha kuti ayi, mwanayu ayambe wamaliza za kuchipatala, ndipo akadzabwera kumudzi adzabwera ndi kalata yoti azikalandira mankhwala kuchipatala cha boma, ngati kungafunike mpaka ku Zomba.

Sanagonje pa zonse ayi. Alamula kuti m'nyumba mwawo musalowenso zakumwa za utoto ndi zopatsa mphamvu zija, ndipo pamenepo ndawavomereza ndi mtima wonse, makamaka popeza mapiritsi ena a matenda amenewa amanenepetsa ndi kukweza shuga m'magazi. Tagwirizana kuti mapiritsi apitirire mpaka tsiku lake la kukiliniki. Ndipempha abwana andimasule m'mawa wa tsikulo kuti ndimuperekeze, ndipo mafunso ndalemba kale kuseri kwa khadi lake: ngati kugona kwambiriku kungachepe atasintha mlingo kapena nthawi yomwera, ngati angamuyeze shuga ndi sikelo, ndiponso ngati angaone B12 m'magazi. Yatsala nkhani ya ntchito. Kampani yake ikumufuna abwerere usiku, ine ndikukana, achimwene akuti lendi ya mwezi wamawa ichokera kuti. Tasiyana kuti mawa akatuluka m'tchalitchi afunse anzawo ngati pali amene akudziwa malo ofuna munthu wa m'gadeni kapena wotsuka magalimoto masana.