Kumene mpikisano wa PlayStation, Xbox ndi Nintendo umachitikira kwenikweni

Pa 18 Malichi 2020 ndinakhala tcheru kudikira Mark Cerny, katswiri amene anatsogolera ntchito yokonza PlayStation 5 (PS5), makina osewerera magemu a kampani ya Sony, ndili ndi chiyembekezo choona makina atsopanowo pamodzi ndi magemu ake. Sindinaone chilichonse mwa zimenezi. Kwa mphindi zoposa 50 bamboyo anangofotokoza za liwiro la SSD, chipangizo chosungira magemu m'makinamo, kuti imatumiza magigabaiti 5.5 pa sekondi imodzi, ndiponso mmene phokoso la m'gemu lingamvekere ngati likuchokera kumbuyo kapena pamwamba pa wosewera. Pa intaneti panali chipwirikiti, ndipo okonda Xbox, makina a kampani ya Microsoft, anapezerapo danga lonyadira kuti Xbox Series X ili ndi ma teraflop (muyeso wa mphamvu ya makina) 12 pamene PS5 ili ndi 10.28 okha. Inenso ndinakhumudwa, mpaka nditazindikira kuti mawuwo sanali athu osewera. Anawakonzera Game Developers Conference, msonkhano wa opanga magemu umene unalephereka mwezi umenewo chifukwa cha mliri wa Covid-19.

Msonkhanowu, umene ambiri amangouti GDC, unayamba mu 1988 pabalaza la nyumba ya wopanga magemu Chris Crawford ku San Jose, ku California, ndi anthu osakwana 30, ndipo masiku ano umachitikira ku Moscone Center mumzinda wa San Francisco. Kumeneko n'kumene ine ndimaona kuti mpikisano weniweni wa makina a magemu umachitikira, chifukwa makina opanda magemu ndi bokosi chabe, ndipo kampani iliyonse imayamba yakopa anthu opanga magemuwo isanakope ogula. Mpake kuti Bill Gates wa Microsoft anasankha GDC ya mu Malichi 2000 kuti alengeze Xbox yoyamba, kutatsala chaka ndi miyezi isanu ndi itatu kuti makinawo afike m'masitolo.

Osewerafe timakumbukira zina. Timakumbukira mmene Sega inkanyozera Nintendo poyera potsatsa makina ake a Genesis, komanso tsiku lija la mu 1995 ku chionetsero cha magemu cha E3 pamene mkulu wina wa Sony anapita pagome, natchula mtengo wa PlayStation yoyamba wa madola 299 basi n'kubwerera pampando, Sega itangolengeza kumene kuti makina ake a Saturn agulitsidwa madola 399. Zimenezi n'zokoma kusimba, koma sizilongosola chifukwa chimene PlayStation 3 inavutikira m'zaka zake zoyamba. Mtengo wa madola 599 unali vuto limodzi, koma lina linali purosesa (ubongo wa makinawo) yotchedwa Cell, imene inali yamphamvu koma yovuta kwambiri kuilembera mapulogalamu, moti magemu ambiri otuluka pa makina onse awiri ankayenda bwino pa Xbox 360, imene inatsogola kutuluka mu 2005. Pokonza PlayStation 4, Cerny anayendera opanga magemu n'kuwafunsa zimene ankafuna, ndipo makina a mu 2013 anamangidwa mofanana kwambiri ndi kompyuta wamba. Nditadziwa mbiri imeneyi m'pamene ndinamvetsa kuti mu 2020 muja ankalankhula ndi anthu omwewo.

Nintendo imabwera ku GDC ndi mtima wina, ndipo ndivomere kuti pano ndili ndi tsankho pang'ono. Mu 2005 malemu Satoru Iwata, mkulu wa Nintendo pa nthawiyo, anauza msonkhanowo kuti pa khadi lake la ntchito iye ndi mkulu wa kampani, m'maganizo ndi wopanga magemu, koma mumtima ndi wosewera. Chaka chotsatira kunabwera Wii, makina ofooka poyerekeza ndi anzake awiri aja, amene anagulidwa oposa 100 miliyoni chifukwa ngakhale munthu amene sanagwirepo gemu ankatha kusewera pongogwedeza dzanja. Mu 2017, masiku omwe makina a Nintendo Switch ankatuluka, opanga gemu yatsopano ya Zelda anaonetsa kuti maganizo awo anayamba awayesa pa kagemu kosavuta kooneka ngati ka m'zaka za m'ma 1980, kuti aone mmene moto, mphepo ndi mitengo zingakhudzirane asanawononge ndalama pa zithunzi zokongola. Pa zonse zimene ndinaonerapo za msonkhanowu, nkhani imeneyi ndiyo ndinaibwereza kangapo.

Si onse amene amachoka kumeneko atapambana. Google inalengeza Stadia ku GDC ya 2019, ikulonjeza kuti munthu azisewera kudzera pa intaneti popanda kugula makina, koma magemu oti akope anthu anachepa, ndipo ntchitoyo inatsekedwa mu Januwale 2023.

Pakadali pano mipanda imene okonda makinawa amaiteteza ndi mtima wonse yakhala ikugwa. Sega inasiya kupanga makina mu 2001, ndipo chaka chomwecho gemu yake ya Sonic inapezeka pa makina a Nintendo, mdani wake wakale. Mu Malichi 2016, sabata ya GDC, Microsoft inalengeza kuti ilola osewera a Xbox kukumana ndi a pa makina ena m'gemu imodzi, ndipo Sony, itakana kwa nthawi, inagonja mu Seputembala 2018 pa gemu ya Fortnite. Mu 2024 Microsoft yomweyo inatulutsa gemu yake ya Sea of Thieves pa PlayStation 5, patangopita miyezi ingapo itagula kampani yopanga magemu ya Activision Blizzard pa madola pafupifupi 69 biliyoni.

Chaka chimenecho chinali chowawa kwa anthu amene amatipangira magemuwa. Mu Januwale Microsoft inachotsa ntchito anthu 1,900 m'gawo lake la magemu, ndipo mu Febuluwale Sony inalengeza kuti ichotsa pafupifupi 900. Pamene ife tinali pa intaneti kukangana za makina amene akutsogola pa malonda, ena mwa amene anapita ku GDC ya mu Malichi anasonkhana m'paki ya Yerba Buena Gardens, pafupi ndi malo a msonkhanowo, ndipo m'malo mokamba nkhani anangokuwa onse pamodzi mokweza.