Sindinagwe mumtengo, ndinangotsika mofulumira

Popeza alamu anga ayamba kale kuifalitsa nkhaniyi atathira mchere wawo, ndiloleni ndiinene ndekha. Thalauza lija linali lotha kale. Tiyambire pamenepo.

Laputopu yanga mukuidziwa, nkhalamba ija ya Ubuntu 16.04 imene batire lake linafa kalekale, moti magetsi akangophethira nayonso imakomoka. Wi-Fi yake inatsogola kumanda. M'menemo ndi mmene ndinafuna kuikamo WSJT-X, pulogalamu ya Joe Taylor, mkulu uja analandira mphoto ya Nobel mu 1993, kuti nane ndilaweko FT8, njira yotumizirana timauthenga pa wayilesi kudzera pa kompyuta, imene anzathu a mawayilesi akhala akudyerera chiyambire 2017. Yokonzakonza inakana kulowa, inkafuna zinthu zatsopano zimene gogoyu alibe. Ndinati palibe kanthu, ndikompaila ndekha, ndiko kuti kuimanga pulogalamuyo kuchokera ku mafayilo ake oyambira, mafayilo ndizibwera nawo pa fulashi.

CMake ya m'menemo, chida chomangira mapulogalamu, inapezeka yakale, ndiye ndinayamba ndamanga CMake ina yoti imange chinthu chimene ndinkafunacho. Kenako zida zina: Qt, FFTW, gfortran. Inde, mkati mwa pulogalamu yamakonoyi muli Fortran, chinenero cha m'ma 1950. Usiku unayi fani ikulira ngati chigayo cha dizilo.

Usiku wachitatu magetsi anazima. Atayaka ndinabwerera pa Hamlib, kaja kamalumikiza kompyuta ndi wayilesi, koma configure, imene imafufuza kompyuta kumanga kusanayambe, inaima n'kundiuza m'Chingerezi kuti fayilo imene yangopangidwa kumene ndi yakale kuposa mafayilo amene ndinabwera nawo. Ndinawerenga katatu. Khanda lobadwa lero, mchombo usanagwe, akuti ndi lalikulu kuposa agogo ake. Nditayang'ana deti, kompyuta inali mu 2008. Kabatire ka CR2032 kamene kamasunga nthawi mkatimo kanatha, choncho magetsi akazima gogoyu amadzuka ali mnyamata. Ndinakonza nthawi pamanja, ndikuyang'ana wotchi ya pabalaza. Wotchiyo ilibe kamuvi ka masekondi, kanathothoka ana akusewera mpira m'nyumba. Kumbukirani kamuvi kameneka.

Zitatheka ndinaitana alamu ndi anzanga awiri Loweruka masana. Ndinadzitama, sindikana. Ndinawauza kuti ife a 7Q, chizindikiro cha mawayilesi a ku Malawi, ndife osowa pamlengalenga, ukangoitana kamodzi a ku Japan ndi a ku Ulaya amaunjikana ngati pamzere wa feteleza. Ndinatchera pa 14.074 MHz, pamene amakumana a FT8. Wayilesi ikulira ngati nkhululu zana, timizere tikutsika pa sikirini bwinobwino, koma pamalo polemba mayina a masiteshoni pali mbee. Ndinaitana CQ, mfuu yoitana aliyense amene akumva, kakhumi. Zii.

"Kapena a ku Japan agona, alamu," anatero alamu anga akutafuna mtedza wanga.

Ndinagamula kuti vuto ndi waya wa antena, wakhudza nthambi. Munthu amene wakompaila Fortran usiku unayi sangakayikire ntchito ya manja ake, amakayikira mtengo wa mango. Ndinakwera.

Ndili pamwamba, dzanja limodzi litanyamula waya, mwendo wina pa nthambi iyi wina pa iyo, ndinamva kuti kweee kumbuyo, kenako kamphepo kozizirira pamalo pamene sipafika mphepo. Nyerere zofiira zija zimasoka masamba a mango zinaona khomo lotsegula. Ndipo nthawi yomweyo mwana wanga anakuwa m'nyumba: "Adadi, zayamba kulemba! Japan! Italy! Zadzaza!"

Alamu anatulukira pa zenera. "Musasunthe, alamu! Gwirani pomwepo! Mwapapeza!"

Anzanga, ndinagwira. Ine ndemwe, bambo wa ana atatu, ndinauma mumtengo ngati nyalugwe wosema, mkono m'mwamba, kumbuyo kuli pamtetete, nyerere zikuchita msonkhano. Ndinkangokuwa kuti asadine batani lotumizira mawu, chifukwa waya ndinali nditaugwira ndi dzanja. Pa masekondi 15 alionse mwana ankalengeza dziko lina, alamu n'kumaombera m'manja. "Spain! Kwezani pang'ono mkonowo!" Ndinakweza. Amayi atatu amene ankatunga madzi pa mpopi wa kuseri kwa mpanda anatula zidebe pansi kuti aonere bwino. Mmodzi anandipatsa moni mwaulemu wonse, "Mwaswera bwanji, bambo?" Ndinayankha kuti ndaswera bwino, kaya iwo. Mukanatani inu? Alamu akuti ndinakhalamo theka la ola. Ine ndikuti mphindi khumi, koma nyerere zikhoza kuchitira umboni alamu.

Nditatsika, mwa njira imene ndanena ija, mayina anali akulembekabe, waya uli lende pa nthambi yomwe ija. Pambali pa laputopu panali foni ya mwana, italumikizidwa ndi chingwe. Iye anangofuna intaneti kuti aone zigoli za mpira pa sikirini yaikulu. Kompyuta itangonunkhiza intaneti inakonza yokha wotchi yake. FT8 imayenda mosinthana, wina masekondi 15, wina masekondi 15, ndipo wotchi ikaphonya ndi masekondi atatu okha simumvananso ndi aliyense. Yanga inali itaphonya ndi asanu ndi awiri. Masana onse ndinkalowerera pakati pa mawu a dziko lonse lapansi ngati woledzera pamaliro.

Komabe tinene zoona: pulogalamu ija inagwira ntchito. Amene anaikompaila ndine. Alamu anga ngakhale kutsegula terminal sadziwa, koma ndi amene akuyenda ndi nkhani m'mabawo.

Kabatire ndinagula Lolemba. Kakadali m'pepala lake pamwamba pa firiji, chifukwa kuti ukafikire pokaika uyenera kumasula laputopu yonse, ndipo sindikukhulupirira kuti gogoyu angadzukenso. Thalauza mayi a kunyumba akukolopera. Wa ku Japan uja sindinalankhule naye, mmene ndinkamaliza kudzola mankhwala n'kuti atapita.