Mlungu Umene Maselo Anandinamiza

Lolemba m'mawa, mu labotale yathu yofufuza za kuvulala kwa msana pa makoswe, ndinayamba ndi ntchito imene sitiitchula kwenikweni m'malipoti, yofinya chikhodzodzo cha khoswe aliyense kuti akodze, chifukwa nyama yovulazidwa mtsempha wa mumsana pa fupa la msana lotchedwa T10 siitha kutaya madzi payokha m'masiku oyambirira. Timatero kawiri pa tsiku, ndi Lamlungu lomwe. Nditamaliza ndinawayendetsa mmodzimmodzi n'kuwapatsa malikisi pa sikelo ya BBB, yoyezera mmene khoswe akuyendera, yoyambira pa 0 kulekeza pa 21, ndipo ambiri anali akukhwekhwerezabe miyendo yakumbuyo.

Chidwi changa chinali pa misana ya gulu loyamba, imene tinaichotsa patatha masiku 7 chivulalireni. Maselo oteteza thupi otchedwa neutrophil amathamangira pachilonda tsiku loyamba n'kuchepa msanga, koma pofika tsiku la 7 amene adzaza malowo ndi maselo ena oteteza thupi, ma macrophage ochokera m'magazi pamodzi ndi microglia, eni khomo a muubongo ndi mumsana. Asilikali amenewa ali ndi nkhope ziwiri: amameza zinyenyeswazi za myelin, mafuta okuta minyewa, kuti malo ayere, koma ena mwa iwo amapanga mapuloteni monga TNF-alpha ndi iNOS, amene amawonjezera kutupa n'kupha minyewa imene inapulumuka. Ine ndinkafuna kuwerenga amene ali ndi arginase-1, chizindikiro cha maselo othandiza kupoletsa.

Lachiwiri ndi Lachitatu ndinakhala pa cryostat, makina odulira minofu youndana, pozizira madigiri 20 pansi pa ziro, ndikudula misana ija m'timagawo topyapyala ta ma micrometer 20 mpaka zala kuchita dzanzi.

Lachinayi madzulo, nditathira timagawoto ma antibody, mankhwala ochititsa kuti arginase-1 aziwala mobiriwira, n'kuyang'ana pa maikulosikopu, pakati pa chilonda panali pobiriwira ngati dimba la m'chilimwe, ndipo ndinasangalala msanga, zimene munthu wa ntchito ino sayenera kuchita. Lachisanu ndinaika galasi loyerekezera, limene silinayenera kuwala chifukwa sindinathirepo antibody yoyamba, imene imagwira arginase-1, koma nalonso linawala chimodzimodzi. Ma macrophage okhuta mafuta a myelin amanyezimira okha, popanda utoto uliwonse, moti zimene ndinkawerenga sizinali arginase-1 ayi, koma chakudya chimene chinali m'mimba mwa maselowo.

Mkulu wa labotale anangoti ndibwereze ndi Sudan Black B, mankhwala ozimitsa kuwala konamako. Ndasungunula timagawo tina, ndalemba tsamba lonse m'buku langa osafufuta kanthu, ndipo nthawi ya 6 koloko madzulo ndinabwerera kwa makoswe anga kukawakodzetsa kachiwiri.