Zikomo inu amene munatinyamula kawiri

Bambo athu afika kwathu ku Nkhotakota, ndipo dzulo adya nsima ya chambo atakhala pakhonde. Ndati ndithokoze pagulu, chifukwa sindingathe kufika khomo ndi khomo.

Ambiri munkangomva kuti akudwala m'mimba. Unali mtsempha waukulu wa magazi wochokera kumtima, umene madokotala amati aorta, womwe unatupa ngati chubu cha njinga chofooka. Kwa mwamuna, ukafika masentimita 5.5 amati ukonzedwe usanaphulike, ndipo wa bambo unali utapitirira pamenepo. Ku Johannesburg sanawang'ambe pamimba. Analowetsa kapaipi ka nsalu ndi waya, kotchedwa stent graft, kudzera m'mitsempha ya m'mphechepeche, kuti magazi azidutsa m'kati mwake.

Ife tinaimba nyimbo poganiza kuti zatha. Koma sikani yotsatira inaonetsa kuti kapaipi kaja sikanagwire bwino kumtunda, magazi akulowabe m'chotupa chija. Vutoli amalitcha endoleak. Chimene chimandiopsa mpaka lero n'chakuti bambo sankamva ululu uliwonse, ankangokamba za mpunga wawo wa kudambo. Akanati aphonye sikani ija, sitikanadziwa.

Akuluakulu amati m'mphechepeche mwa njovu sapitamo kawiri, koma ife tinalibe njira ina. Ng'ombe tinali titagulitsa kale. Ine ndinachita manyazi kupemphanso, ndinangokhala chete sabata yathunthu.

Amayi a banki m'khonde, munabwera nokha osaitanidwa, ndalama zili pa nsonga ya chitenje. Abusa ndi mpingo wonse, komanso anansi athu achisilamu amene munasonkha ku mzikiti, Mulungu akubwezereni. Achimwene a ku Joni, munawasiyira bambo bedi lanu inu n'kumagona pansi, ndipo munkawaperekeza kuchipatala mutachoka kuntchito yausiku. Madokotala anawonjezera kachidutswa pamwamba pa kapaipi kaja, kudontha kunaleka.

Sindingaiwale adokotala a kuno kwathu amene anaika dzanja pamimba pa bambo, namva kuti pakugunda ngati mtima, n'kutitumiza ku Lilongwe tsiku lomwelo. Zonse zinayambira pa dzanja lanu lija.

Bambo azipitabe kusikani moyo wawo wonse, akumwa mankhwala a BP, ndipo fodya anasiya. Amene mukufuna kudzawaona bwerani madzulo, m'mawa amakhala akupuma.