Laputopu inkanditsinzinira pa tsiku logawana

Gulu lathu la banki mkhonde ku Santhe limagawana ndalama mu Disembala, aliyense maso ali pa feteleza wobereketsa. Ulembi anandipatsa ine chifukwa choti ndili ndi laputopu basi.

Tsikulo tinakhala pansi pa mtengo wa mango, bokosi la maloko atatu lili pakati. Ndangotsegula Excel kuti aliyense aone masheya ake, sikirini n'kuyamba: phethi, phethi! Kuda, kuwala, kudanso.

Mayi apampando anatsitsa magalasi. "Alembi, makinawa akukutsinzinirani bwanji? Mwapangana zotani?"

Anthu anaseka, koma osati onse. Amsungichuma anakokera bokosi pakati pa miyendo yawo.

Ndinaweramitsa chivundikiro n'kuchidzutsanso, poti waya wopita ku sikirini akamasuka, kuphethirako kumasintha ukamagwedeza. Sikunasinthe. Abambo ena anati vuto ndi dzuwa, n'kutifunditsa chitenje ine ndi laputopu yomwe. Mkatimo thukuta kamukamu, kunja ndikumva mawu: "Mwaona? Tsopano akukonza manambala mobisa!"

Anandiombola ndi mdzukulu wa apampando, kamtsikana ka Fomu 3 kamene kanangobwera kudzapereka madzi akumwa.

"Ankolo, tandipatsani."

Kanadina Ctrl, Shift ndi Esc, Task Manager, windo yoonetsa mapulogalamu amene akugwira ntchito, n'kutseguka. Kanatifotokozera ngati aphunzitsi kuti iyoyo ikakhala bata zina zonse zikuphethira, wolakwa amakhala pulogalamu ina yake. Koma nayonso ikamaphethira, ndiye kuti ndi display driver, kapulogalamu kamene kamalumikiza Windows ndi chipangizo chotulutsa zithunzi pa sikirini. Task Manager yanga inkavina nawo.

Kenaka kanadina batani la Windows, Ctrl, Shift ndi B nthawi imodzi kuti driver ija iyambirenso. Sikirini inada bii, laputopu n'kulira "pii". Agogo ena anaimirira n'kutola ndodo yawo, okonzeka kuthawa. Kunakhala bata pang'ono, kuphethira n'kuyambiranso.

"Mwalumikiza ku intaneti posachedwapa?"

Inde, dzulo lake, ndipo bandulo yanga inatha modabwitsa. Kumeneko n'kumene kunalowera driver yatsopano yosagwirizana ndi makina okalambawa. Mtsikanayo analowa mu Device Manager, pa Display adapters, Properties, Driver, n'kudina Roll Back Driver kuti ibwerere yakale ija. Anati batanilo likanakhala lofota, akanaichotsa ndi Uninstall device n'kuyatsanso laputopu kuti Windows iikenso yokha.

Itayakanso, sikirini inali zii, yowala mbee. Anthu onse anaunjikana kumbuyo kwanga, ndipo mwanayo, mwa ulemu wake, anakulitsa zilembo kuti agogo aone bwino. Tsamba limene linatseguka linali la zindapusa. Pamwamba penipeni, mofiira, dzina langa: kuchedwa kumisonkhano, K4,500, sanalipire.

Apampando anawerenga mokweza, pang'onopang'ono, n'kubwereza.

"Alembi, tikudulirani pompano kapena muyambe mwafundanso chitenje?"