Zomwe zatsala ku Gbadolite

Ndakhala ndikuyang'ana zithunzi za nyumba yachifumu ya Mobutu Sese Seko, mtsogoleri wakale wa dziko la Democratic Republic of Congo, m'tauni ya Gbadolite, ndipo ndazizwa kuona tchire litamera m'zipinda zomwe kale ankachereza alendo obwera pa ndege ya Concorde. Mkuluyu adalanda boma mu 1965, mu 1971 adasintha dzina la dziko kukhala Zaire, ndipo wailesi yakanema ya boma inkamuonetsa akutsika m'mitambo ngati mulungu. Kwa ine, chomwe chidamugwetsa kwenikweni ndi kusiya asilikali ake pa njala kwa zaka zambiri, chifukwa pamene gulu la Laurent Kabila linkayandikira mzinda wa Kinshasa mu Meyi 1997, ambiri mwa iwo adangothawa. Mobutu adakamwalira ku Rabat, m'dziko la Morocco, miyezi inayi isanathe.